Oyendetsa tindege ting'onoting'ono amadzithandiza bwanji ali m'mwamba?

aChisale:
Abale pagulu pano tili ndi anthu odziwa za ndege, ndithandizeni funso ili olo ena aliona ngati lachibwana. Tindege ting'onoting'ono tija timanyamuka pa KIA kupita ku Likoma kapena ku Nyika ndamva kuti mulibe chimbudzi. Nde woyendetsayo mkodzo ukamuthina ali pakati pa nyanja amapanga bwanji? Basi ya ku Joni dalaivala amaima patchire anthu nkutsika, nanga kumwambako amaima pati

Mnyamata wa ku Wonderboom:
Zoona akulu, mulibe. Ine kuno ku Wonderboom, bwalo la ndege la ku Pretoria, ndikuphunzira kuulutsa ndege pa Cessna 172 ya mipando 4, mkati mwake mulifupi ndi mita imodzi basi, phewa lako limachita kugundana ndi la mphunzitsi. Kuimirira sizitheka nde chimbudzi ungachiike pati. Olo Caravan ija imanyamula alendo okaona nyama nthawi zambiri simukhala kanthu. Kungoti maulendo a kumudziko ndi aafupi, Lilongwe kukafika Likoma ndi ola limodzi kapena kupitirirako pang'ono, umangopita kuchimbudzi usanakwere basi nkhani yatha. Mavuto amayamba ulendo ukadutsa maola 3.

aChisale:
Kodi ka 172 kakoko kangakhale m'mwamba nthawi yaitali bwanji mphwanga?

Mnyamata wa ku Wonderboom:
Matanki ake amalowa malita pafupifupi 200, pa ola kamamwa malita 30 mpaka 35, nde mukasiyako ena osungira ndi maola 5 amenewo. Mafuta amakhala alipo ndithu, woyamba kugonja ndi munthu iwe

Sisita Nangozo:
Nde sangagonje bwanji. Chikhodzodzo cha munthu wamkulu chimasunga pafupifupi theka la lita, ndipo chimayamba kukuuza chisanafike olo pakati. Munthu amene akumwa madzi bwinobwino amataya madzi maola atatu kapena anayi alionse. Kuonjezera apo kumwamba kumazizira, ndipo thupi likazizidwa magazi amathawa pakhungu nkupita mkati, impso zimaona ngati madzi achuluka nde zimapanga mkodzo wambiri. Nchifukwa chake mu June timadzuka pafupipafupi usiku. Ukamwanso khofi kapena tiyi wambiri usanakwere wangoziputa.

Mjomba wa ku Mangochi:
Ine ndikuona ngati nkhaniyi njophweka. Ukudziwa kuti mawa uli ndi ulendo wa maola 6, osangosiya kumwa madzi kuyambira usiku bwanji? Mwamuna amapirira. Pa Ramadan timakhala tsiku lonse osamwa kanthu ndipo ntchito timagwira.

Sisita Nangozo:
Mjomba apo nde ayi, ndikukanitsitsa ndi ulemu wonse. Zimenezo ndi zomwe ambiri amapanga ndipo ndi zoopsa kuposa mkodzowo. Munthu akachepa madzi m'thupi mutu umawawa, amatopa msanga, maganizo amachedwa, nthawi zina chizungulire. Inu pansi pano mukamva choncho mumakhala kaye pamthunzi, iyeyu ali ndi miyoyo ya anthu m'manja, akuwerenga mageji, akuyankhula pa wailesi, kenaka kumapeto kwenikweni kwa ulendo pamene watopa kwambiri mpamene akufunika kutera bwino. Komanso kumwamba mpweya umakhala wochepa ndi wouma, dzuwa likulowa pagalasi, thukuta limauma iwe osazindikira. Ukazolowera kusala madzi choncho zotsatira zake ndi timiyala ta mu impso ndi matenda a m'njira ya mkodzo. Amene anaonapo munthu akugubuduka pansi ndi ululu wa timiyala adziwa zimene ndikunena, tangoganizani zimugwire ali yekha kumwamba.

Mnyamata wa ku Wonderboom:
Asisita akunena zoona, ndipo akakupeza ndi timiyala adokotala a za ndege amakuimitsa kaye kuulutsa mpaka zitatha. Ntchito yaima pamenepo. Ife amatiuza kuti imwa pang'onopang'ono ulendo wonse osati kugugudiza botolo lonse kamodzi, ndipo ulendo wautali uziudula maola 2 kapena 3 utere, uthire mafuta, uongole miyendo, upite kuchimbudzi.

Mjomba wa ku Mangochi:
Chabwino ndamva mwanangu. Koma ngati palibe potera?

Madala aMbewe:
Ndalowa mochedwa koma iyi ndi nkhani yanga, ndakalambira mu hangala ndikumanga ndi kumasula tindege timeneti. Njira zilipo zingapo. Yakale kwambiri ndi kapaipi kamene amati relief tube. Kumakhala ka fanelo pansi pa mpando, kapaipi kake kamatulukira kumimba kwa ndege, nde mphepo ikamadutsa kunjako mwaliwiro imakoka zonse nkuzimwaza. Ndege za nkhondo yachiwiri zambiri zinali nako, ma King Air ena ndi ma Piper Malibu alinso nako mpaka lero. Koma ife amakaniko sitikakonda olo pang'ono. Mkodzo uli ndi mchere, umamatirira kumimba ndi kumchira, nde ngati sanatsuke akatera aluminiyamu amayamba kudyeka mwakachetechete, pomadzaona utoto watukusira pansi pake pali ufa woyera. Chachiwiri kumwamba kukazizira kwambiri kapaipiko kamaundana kunsonga, munthu wayamba kale kudzithandiza nkungoona fanelo ikudzadza, zonse zikubwerera. Pa mamita 1,000 alionse amene wakwera kumazizira ndi madigiri 6 ndi theka, nde werengani nokha.

aChisale:
Eee madala, nde zinthuzo zimagwera anthu pansi?

Madala aMbewe:
Za mu kapaipi ayi, zimamwazika ngati nkhungu nkuuma zisanafike pansi. Koma ka 172 kalibe kapaipi. Amenewo njira yawo ndi botolo basi.

Mnyamata wa ku Wonderboom:
Eya botolo. Koma osati lililonse akulu, lizikhala la kukamwa kwakukulu komanso la lita imodzi, chifukwa ka 500 ml kakhoza kudzadza iwe usanamalize ndipo kuima panjira nkovuta. Pali lina lofiira lopangidwira zomwezo dzina lake Little John, limagulitsidwa m'mashopu a zinthu za mapailoti, lili ndi kachipangizo kena kolumikiza ka azimayi kotchedwa Lady J. Koma ambiri pano akukonda timatumba monga TravelJohn, mkati muli ufa umene ukangonyowa umalimba ngati phala lozizira, olo ndege idumphe mabampu sizitayika ndipo fungo limachepa. Ena osafuna kuononga ndalama amangoika thewera la mwana mu jumbo yotseka ija, limagwira ntchito yomweyo.

Naphiri wa ku Leeds:
Ufa umenewo ndi womwewo uli m'matewera a akuluakulu amene timagwiritsa ntchito kuno posamala okalamba. Umamwa madzi ambiri zedi. Koma funso langa ndi loti akamapanga zimenezo chiwongolero wagwira ndani?

Mnyamata wa ku Wonderboom:
Mukakhala awiri mnzako amagwira nkuyang'ana kunja. Ukakhala wekha, ngati ili ndi autopilot, makina owongolera ndege okha aja, umayatsa, ngati ilibe pali kagudumu kamene timati trim, ukakatchera bwino ndege imayenda yokha mowongoka kwa kanthawi, iwe nkumangoithandiza ndi mapazi. Koma umasankha nthawi achemwali. Osati m'mitambo, osati pamabampu, osati pafupi ndi bwalo pamene ndege zachuluka ndipo a pa tawala akukuitana. Umapanga uli pamwamba, mphepo ili zii, ndipo usadikire kuti zifike pothina chifukwa pamenepo manja amanjenjemera

Madala aMbewe:
Uwauzenso za mpando mwanawe. Ma Cessna mpando wake umayenda pa tinjanji, umakhoma ndi kapini. Munthu akaukankhira m'mbuyo kuti apeze malo kenaka osaukhoma bwino pobwezera, tsiku lina ponyamuka mphuno ikaloza kumwamba mpando umathawira m'mbuyo iye atagwira chiwongolero, amachikoka osafuna, mapazi osafikanso pa mapedulo. Anthu anafapo ndi zimenezi mpaka panatuluka lamulo loti tinjanjito tiziyezedwa pafupipafupi. Nde mpando osaugwedeza uli m'mwamba. Lambanso osamasuliratu, kungomufewetsa. Mu 1992 ndege ya nkhondo ya America ya F-16 inagwa ku Turkey chifukwa woyendetsa anamasula lamba kuti agwiritse ntchito kathumba kake, chitsulo cha lambayo nkukakola pakati pa mpando ndi ndodo yowongolera. Iye anadziponya kunja napulumuka koma ndege yonse inapita.

aChisale:
Koma ndiye. Ndege ya ndalama zonsezo

Mjomba wa ku Mangochi:
Nanga akamaliza osangotsegula windo nkukhuthula bwanji, kusiyana nkuyenda nazo

Madala aMbewe:
Windo la 172 limatseguka ndithu muli m'mwamba koma mukakhuthula mphepo imabweza, theka limalowa momwemo kukanyowetsa wakumbuyo, lotsalalo limapaka m'mbali mwa ndege. Kuponya botolo nde ayi, litha kumenya mchira, komanso botolo la lita imodzi ndi kilo yathunthu, likagwera padenga la munthu kapena pamwana akudyetsa mbuzi ndi maliro amenewo. Ku America lamulo lawo limati utha kuponya chinthu bola waonetsetsa kuti sichivulaza munthu kapena kuononga katundu, koma maiko ambiri salola popanda chilolezo. Tsekani, sungani, mukataye pansi.

Sisita Nangozo:
Ndipo botolo lomwera ndi linalo zisafanane mtundu chonde, lilembeni kapena mulikulunge tepi.

Naphiri wa ku Leeds:
Ine zimene zikundikhudza ndi za azimayi. Zonse mwatchulazi, fanelo, botolo, mwamuna amangotsitsa zipi. Mzimayi atakhala pampando wothina choncho, atamanga malamba, pambali pali mwamuna, apanga bwanji? Ndikuona ngati amene amasala madzi kwambiri ndi atsikana athu amene akulowa ntchito imeneyi, ndipo ndi omwewonso amene matenda a m'njira ya mkodzo amawagwira msanga.

Sisita Nangozo:
Mwalasa achemwali. Njira ya mkodzo ya mzimayi ndi yaifupi, masentimita 4 okha, nde tizilombo sitichedwa kufika m'chikhodzodzo, ndipo chimene chimatitsuka ndi kumwa madzi nkumakodza. Ukamasunga maola ambiri osamwanso kanthu wawapatsa malo. Ku America azimayi anawaloleza kuulutsa ndege za kunkhondo mu 1993 koma zovala ndi zipangizo zinali zopangira amuna, zipi wake samafika pomwe pakufunika, nde kwa zaka zambiri ambiri amangosala madzi. Pano anapanga kachipangizo ka batire kotchedwa Skydrate, mzimayi amavala ka padi, mwamuna ka kapu, kakangomva chinyezi pampu imayamba yokha kukokera m'thumba, lamba osamasula. Koma mtengo wake si wa mwana wa sukulu.

Mnyamata wa ku Wonderboom:
Atsikana amene tikuphunzira nawo pa maulendo aatali ena amavala thewera la akuluakulu basi, ena amanyamula ka fanelo ka pulasitiki kofewa. Sizikambidwa poyera, amauzana okhaokha, ndipo ine ndimaona kuti aphunzitsi akanamaiyamba okha nkhaniyi m'kalasi chifukwa mwana watsopano sangafunse, amangovutika chamumtima

Naphiri wa ku Leeds:
Thewera lisakuchititseni manyazi, matewera a masiku ano ndi opyapyala munthu sangadziwe kuti mwavala. Chachikulu mugule saizi yokukwanani yogwira bwino m'ntchafu, chifukwa munthu atakhala pansi likakhala lotayirira limadonthera m'mbali. Mudzole mafuta oteteza khungu ndipo mukangotera musinthe. Chinanso anthu sadziwa, thupi limakana kukodza utavala zovala uli pampando, tinaphunzitsidwa kuyambira tili ana kuti nzolakwika, nde pamafunika kuyeserera kunyumba kaye. Za amuna palinso ina imene timawaveka agogo kuno, ili ngati kondomu koma kunsonga kuli kapaipi kopita m'thumba lomangirira kumwendo, sipalowa chilichonse m'thupi.

Madala aMbewe:
Imeneyo nde imene amavala a ndege zopanda injini zija, ma glider. Amenewo vuto lawo ndi lalikulu kuposa onse chifukwa sakhala tsonga, amachita ngati agona chagada, galasi lili pamphuno, ndipo manja sangachoke pa ndodo nthawi yaitali. Kuti upate baji ya siliva yokha, imene amapatsa woulutsa glider wosonyeza luso, umafunika kukhala m'mwamba maola 5 osatera. Ku Namibia kuli malo otchedwa Bitterwasser, azungu amapitako kuyambira November mpaka January, amauluka makilomita oposa 1,000 tsiku limodzi, kunyamuka m'mawa kutera dzuwa likulowa, kutentha kwa m'chipululu kuja. Munthu ameneyo amamwa malita angapo, nde asananyamuke amavaliratu kachipangizoko, kapaipi kena kamatulukira pansi pafupi ndi tayala.

aChisale:
Madala nanga tindege timeneti timabwera bwanji kuno kuchokera kumene amapanga? Pamenepo si ulendo wa masiku?

Madala aMbewe:
Tina amatimasula mapiko nkutiika mu kontena, tina amachita kutiulutsa. Ma Caravan amapangidwa ku Wichita ku Kansas. Pali anthu ntchito yawo ndi yomweyo yoperekeza ndege, amadzera kumpoto, Goose Bay ku Canada, Greenland, Reykjavik ku Iceland, Wick ku Scotland, kenaka nkumatsika mpaka kuno. Pamadzi ozizira amenewo amavala chisuti cha labala cha thupi lonse choti akagwera m'nyanja asafe msanga ndi kuzizira, nde ganizani kufuna kutaya madzi uli m'chimenecho. Ambiri amachivala mpaka m'chiuno. Koma njira yowawa ndi ya California kupita ku Hawaii, makilomita pafupifupi 3,900 popanda olo kachilumba, kandege ka injini imodzi kamatenga maola 15 kapena kuposa. Amachotsa mipando yakumbuyo nkuikamo thanki ya mafuta, munthu amakhala wopanikizika osatha nkutembenuka komwe. Amenewo timatumba amanyamula tambiri.

Mjomba wa ku Mangochi:
Maola 15. Nde apo tisazembe abale, nanga chimbudzi chachikulu?

Sisita Nangozo:
Chimenecho amachikonzekera ndi kadyedwe Mjomba. Dzulo lake amadya zosasiya zotsalira zambiri m'matumbo, monga mazira, nyama, mpunga woyera, ndipo m'mawa amaonetsetsa kuti apita kaye. Oyendetsa U-2, ndege ya akazitape ija imakwera mamita 21,000, amadya choncho chifukwa amakhala maola 10 atatsekeredwa m'suti. Nyemba, kabichi, zakumwa za gasi ndi tsabola wambiri ayi, chifukwa ukamakwera mpweya wa m'mimba umafufuma, pa mamita 5,500 umakhala wawirikiza kawiri, mimba imapota koopsa. Ndipo amene watsegula m'mimba asakwere nkomwe, ameneyo ndi wodwala.

Madala aMbewe:
Pa nkhani imeneyo palibe anaposa Robert Timm ndi John Cook. Anthu awiriwa ananyamuka ku Las Vegas pa 4 December 1958 pa Cessna 172 ngati yomwe akuphunzirira mwanayu, anadzatera pa 7 February 1959. Masiku 64 ndi maola 22 osagunda pansi. Mafuta amathira akuuluka chapansipansi pamwamba pa galimoto ikuthamanga pamsewu wa m'chipululu, amatsitsa chingwe nkukoka paipi, chakudya ndi madzi chimodzimodzi. Chimbudzi chawo chinali kampando kopinda ka kumisasa ndi majumbo, akamaliza amakaponya kuchipululu kopanda anthu. Ndegeyo mpaka lero anaipachika kudenga pabwalo la ndege la Las Vegas. Charles Lindbergh yemwe mu 1927 anakhala maola 33 ndi theka yekhayekha kuchokera ku New York kukafika ku Paris, ndipo zimanenedwa kuti atakaonana ndi mfumu George V ku London mfumuyo inamufunsa funso lomweli la aChisale, iye nkuyankha kuti anali ndi kachitini ka aluminiyamu.

Mnyamata wa ku Wonderboom:
Ndege ya Solar Impulse 2 ija yoyendera mphamvu ya dzuwa anachita kuboola mpando weniweniwo kukhala chimbudzi, chifukwa André Borschberg mu 2015 anakhala maola pafupifupi 118 kuchokera ku Nagoya kukafika ku Hawaii ali yekha

Mjomba wa ku Mangochi:
Amenewo anali okha kapena amuna okhaokha. Ine chikundivuta ndi ulemu wathu. Tinene kuti mwakwera ndi apongozi anu, mipando yake yogundana choncho, inu nkutulutsa botolo? Ine sindingathe, bola kupirira mpaka tikafike.

Naphiri wa ku Leeds:
Ndikukumvetsani Mjomba, sizophweka ndipo sindikupeputsa. Koma chitenje chilipo, mumafunda kuyambira m'chiuno, enawo amayang'ana kuwindo, injini ikulira ndipo aliyense wavala zam'makutu palibe akumva kanthu. Kuchipatala timapanga chimodzimodzi tsiku ndi tsiku ndi anthu olemekezeka ndipo ulemu wawo suchoka. Chimene chimamuchotsera munthu ulemu ndi kumusiya mpaka adzinyowetse pagulu.

Mnyamata wa ku Wonderboom:
Komanso Mjomba wokwera akapirira ndi zake, koma woyendetsa akapirira mopitirira nde zimakhudza nonse. Munthu wothinidwa amafuna kungofika pansi basi, amadula njira, amadumpha zina pa mndandanda wa zoyenera kuona asanatere, amabwera ndi liwiro lambiri, ndipo pamene amayenera kubwereranso m'mwamba kuti akayesenso iye amakakamiza. Mabwalo a kutchire ngati a m'malo osungira nyama umafunika uyambe wadutsa chapansi kuona ngati pali agwape kapena njiri, wothinidwa sangapange zimenezo. Kuteranso sikuti ndi paliponse, ukachokera dziko lina umayenera kufikira pabwalo lomwe pali a imigireshoni ngati KIA kapena Chileka, nde zonsezi umaziwerengera usananyamuke. Inu okwera mukakhala ndi shuga, prostate, mimba kapena muli ndi mwana wamng'ono muuzeni woyendetsa muli pansi, ndipo kumwamba mukayamba kumva nenani msanga pakadali mphindi 30, osati zitafika kale pakhosi

Sisita Nangozo:
Amene mumamwa mankhwala a BP okodzetsa aja musasiye nokha chifukwa cha ulendo, afunseni adokotala anu za nthawi yomwera tsiku limenelo.

aChisale:
Nde botolo lija likadzadza mumaliika pati poti malo mulibe?

Madala aMbewe:
Funso labwino ndipo apa mpamene ndimakangana nawo anyamata. Ambiri amangolitsetsereka pansi pa mpando. Ndege ikaweramitsa mphuno potsika botolo limagubuduka kupita kutsogolo nkukalowa kuseri kwa mapedulo, nde pamene ukufuna kuponda kuti uwongole pa bwalo kapena kugwira mabuleki pedulo sikuyenda. Chinanso botolo lotsekedwa kumwamba limafinyika mukamatsika chifukwa mpweya wa pansi ndi wolemera, chitsekerero chikakhala chosalimba limadontha, mkodzo nkulowa pansi pa kapeti kumene kumadutsa mawaya a chiwongolero, ife nkudzazipeza patapita miyezi zitachita dzimbiri. Litsekeni zolimba, muliike mu jumbo, mulilowetse m'thumba la kuseri kwa mpando litaimirira, ndipo mukatera mutuluke nalo nokha osasiyira ana otsuka ndege.